Chimfine Changa ndi Chifuwa cha Alamu

Chimfine ndimachidziwa kuyambira ndili kamwana. Kwathu ku Chiwanga chimabwera ndi mwera, m'miyezi ya Junyu ndi Julyu, mphepo ikamautsa mchenga n'kumaulowetsa m'maso ndi m'mphuno. Chimayamba ndi kuyabwa kukhosi, kenako kuyetsemula, kenako mamina osaleka mpaka nsonga ya kapulana, chitenje chathu, kuuma gwa. Mutu umalemera masiku atatu, mwina anayi. Umamwa madzi otentha ofinyiramo mandimu, umafunda bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu, thukuta kamukamu, basi wachira. Munthu wa chimfine sitinkamuwerengera m'gulu la odwala. Ankapita kumsika, ankapita kutchalitchi, ndipo ukamufunsa kuti wadzuka bwanji ankayankha kuti wadzuka bwino, kachimfine chabe.

Ine ntchito yanga ndi usipa. Ndimagula kwa asodzi m'mawa, ndimayanika pathandala, ukauma ndimathira m'matumba n'kukwera nawo chapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Lichinga. Banja langa linatha kalekale, choncho ndinkakhala ndi ababa, awiriwiri. Ababa anali telala. Ntchitoyi anaiphunzira ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndipo pobwerera kuno anasiya mipando ndi mbale koma makina osokera sanawasiye. Ankasokera pakhonde, magalasi ali pamphuno, mapini ali pakamwa. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi bambo wina wa m'mudzi momwemo, mwini boti la injini ndi baraka yogulitsiramo mowa ndi zakumwa pafupi ndi msewu. Alamu angawo anali munthu wa mawu aakulu. Akayankhula pabaraka yawo, ngakhale wodutsa panjinga ankamva.

Chaka choyamba cha korona tinangomvera pawailesi. Masukulu anatsekedwa, kutchalitchi tinaleka kupita, ndipo kunabwera lamulo loti wokwera chapa aliyense avale mashikara, kansalu kotchinga kukamwa ndi kumphuno. Ababa anayamba kusoka mashikarawo ndi zidutswa za kapulana, nsalu zitatu kuphatikiza, ndipo anga anandisokera obiriwira.

Mwera utafika, chimfine chinandigwira monga mwa chaka ndi chaka. Ndinali ndi matumba atatu a usipa wouma bwino, woyera, ndipo sindinaone chifukwa chokhalira pakhomo. Pamenepo ndiye ndinalakwa, ndimavomera, chifukwa chaka chimenecho sichinali ngati zaka zina. Ndinakwera chapa ku Metangula m'mawa. Titayamba kukwera phiri, mphepo yozizira inalowa pawindo, ndipo ndinayetsemula katatu m'mashikara mwanga. Ndinatukula pang'ono nsaluyo kuti ndipukute mphuno.

"Amayi awa ali ndi korona!" anakuwa bambo wina wa jekete amene anakhala kumbuyo kwanga. Iyeyo mashikara ake anali pachibwano ulendo wonse, ngati ndevu.

"Ndi chimfine, bambo," ndinatero. "Taonani mamina."

"Tiwaonerenji mamina anu? Imikani galimoto!"

Kobradolo, bambo wolandira ndalama uja, anamenya denga, chapa n'kuima. Sanandifunse chilichonse. Anakwera pamwamba, n'kuponya matumba anga atatu m'mbali mwa msewu, limodzi n'kuphulika msoko. M'galimotomo munali anthu awiri a kwathu, oti tinkagawana mchere. Anangoyang'ana kumbali. Chapa inapita, ine n'kutsala pakati pa phiri, tisanafike n'komwe ku Maniamba, ndikutola usipa m'fumbi.

Panadutsa mayi wina wa msinkhu wanga, atasenza chinangwa kuchokera kumunda. Anaima patali n'kufunsa chimene chachitika. Nditamuuza, sanandiyandikire, koma anatula mtolo wake, anakoka matumba awiri n'kuwaika pamthunzi, kenako anatulutsa mandimu awiri m'nsalu mwake n'kundiponyera ali komweko.

"Pepani, anzanga," anatero. "Sindikudziwa chimene mukudwala, ndiye sindifika pamenepo. Koma apa pamadutsa malole otsika kunyanja. Musakhale padzuwa."

Mayi ameneyo ankaopa, ndipo ankayenera kuopa. Koma anandiyankhula ngati munthu. Dzuwa litapendeka, lole ya njerwa inandinyamula kumbuyo mpaka ku Metangula.

Mbiri inafika ku Chiwanga ine ndisanafike. Mafoni amathamanga kuposa lole. Ndikutsitsa matumba panjinga imene ndinachita hayala, ndinaona alamu akubwera, mpango ali nawo kumphuno. Sanalowe m'bwalo. Anaima kuseri kwa mpanda n'kuyamba kuyankhula mokweza kuti nyumba zonse zoyandikana zimve.

"Mlamu, mwatibweretsera chiyani m'mudzi muno? Tinkakuuzani kuti maulendo a ku Lichinga awa mudzatipha nawo!"

"Alamu, ku Lichingako sindinafike n'komwe. Chimfinechi ndachoka nacho konkuno."

"Chimfine chanji? Chaka chino kulibe chimfine. Wotsokomola aliyense ndi korona. Mkazi wanga ndi ana anga asapondenso pano. Ndipo apongozi angawa muwatalikire, ndi munthu wamkulu, mungawaphe."

Mawu otsirizawo anandilowa. M'mawa mwake ndinayenda wapansi kupita kuchipatala ku Metangula. Namwino wake anali mayi wodekha. Anandiyeza kutentha kwa thupi, anamvetsera m'chifuwa, anandifunsa ngati ndikumva fungo la zinthu ndiponso ngati mpweya ukundiperewera. Ndinati fungo ndikumva pang'ono ngakhale mphuno zatseka, ndipo mpweya ndili nawo wokwanira kutukwana mudzi wonse. Anaseka.

"Zizindikiro zanu zikuoneka za chimfine," anatero. "Koma sindingalumbire ndi maso okha, chifukwa matenda awiriwa poyamba amafanana: kutentha thupi, mutu, chifuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti chimfine thupi lanu lakumana nacho zaka zonse, limadziwa kulimbana nacho. Korona ndi watsopano, thupi silinamuonepo, ndipo kwa anthu ena amatsikira m'mapapo, makamaka achikulire. Zoyezera pano tilibe zokwanira aliyense. Ndiye khalani panokha masabata awiri. Ngati ndi chimfine, simutaya kanthu. Ngati si chimfine, mwapulumutsa bambo anu."

Zimenezo ndinazimva ndipo ndinazitsata. Ndinasamukira m'kanyumba kosungiramo nsomba kuseri kwa nyumba, ndipo ababa ankandiikira chakudya pampando pakati pa bwalo n'kubwerera. Tsiku lachinayi mamina anauma, mutu unapepuka, ndinali ndachira monga ndinkachirira chaka chilichonse. Komabe ndinakwanitsa masabata awiri onse. Ababa sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Chimene chinandiwawa si kukhala ndekha ayi. Nditatuluka, amayi anzanga kugombe anasuntha mathandala awo kutali ndi langa. Kumsika wa ku Metangula anthu ankafika pa usipa wanga, wina n'kuwanong'oneza, iwo n'kubweza dzanja. Matumba atatu aja anafumbwa, ndinagulitsa kwa woweta nkhuku. Ndikamadutsa pabaraka ya alamu, amuna okhala pamenepo ankaphimba mabotolo awo ndi zikhatho n'kumaseka, ndipo alamuwo ndiwo ankayambitsa. Dzina langa linasanduka "amayi a korona". Mng'ono wanga, amene ndinamubereka kumsana pothawa nkhondo, anatha miyezi iwiri osaponda pakhomo pathu. Tikakumana kuchitsime ankandipatsa moni ndi maso.

Ndikadandaula, ababa ankati, "Asiye, mwananga. Alamu akowo akuopera ana awo. Mantha si mlandu." Ndinameza. Ndinadziuza kuti munthu woopa matenda chotere, ngakhale ali ndi pakamwa poipa, ndiye kuti sadzatibweretsera matendawo.

Chaka chinatembenuka. Anthu anatopa. Mashikara anasanduka chinthu chotulutsa m'thumba ukaona apolisi. Koma amene anasintha kwambiri anali alamu. Malamulo atakhwima pa malo ogulitsira mowa, baraka yawo inkatsekedwatsekedwa, ndipo kuyambira pamenepo korona anatha mphamvu m'kamwa mwawo. Munthu yemwe uja amene ananena kuti chaka chino kulibe chimfine anayamba kulalikira kuti kulibe korona.

"Ndi chimfine cha azungu," ankatero. "Ife timadya nsomba, timawotha dzuwa. Mwaonapo ndani atagwa nacho ku Chiwanga kuno? Chimfine chimapha anthu chaka chilichonse, koma simunamvepo atatseka baraka chifukwa cha chimfine."

Tsiku lina ndinawafunsa pamaso pa anzawo. "Alamu, nanga chaka chatha chija munkandithawiranji, ngati ndi chimfine chabe?"

"Zakale zimenezo, mlamu. Inu mumasunga zinthu kukhosi."

Mwera wachiwiri unafika, ndipo wailesi inkanena tsiku ndi tsiku kuti matendawa abweranso mwamphamvu, zipatala za m'mizinda zadzaza. Nthawi yomweyo alamu anapita ku Lichinga kukagula zitsulo za injini, n'kukhalako masiku angapo. Anabwerako ndi zitsulozo, nsalu yakuda ya suti, ndi chifuwa. Mphwawo ankakwatira mwezi wotsatira, ndipo iwo ankafuna kukaonekera.

Tsiku limenelo ndinachokera kugombe chakumasana, dengu lili pamutu. Pakhonde panalibe munthu, makinanso panalibe, chitseko chili chotseka. Mphepo inali itakula, ndiye ababa analowetsa makina m'nyumba kuti mchenga usalowe m'mano mwake. Ndili panja ndinamva chifuwa chouma, chokhokhomola, chosatulutsa kanthu, chimene sichinali cha ababa. Ndinakankha chitseko.

Alamu anaimirira pakati pa chipinda, manja atatambasula, maso ali ofiira, pamphumi pali thukuta ngakhale kunkazizira. Kumaso kwawo kunalibe kanthu. Ababa anali atawazunguliza tepi pachifuwa, nkhope zawo zitatsala pang'ono kugundana. Mashikara a ababa anali m'khosi, chifukwa pakamwa panali mapini.

"Alamu, mukudwala," ndinatero.

"Kachimfine ka ku Lichinga. Kumazizira kumtunda kuja."

"Ndiye tulukani panja. Kapena valani ichi." Ndinatenga mashikara atsopano pamulu umene ababa anasoka n'kuwapatsa.

Anawayang'ana ngati ndawapatsa thewera. "Ndivale chiyani m'nyumba mwa apongozi anga? Kodi ndine wakuba?"

"Chaka chatha munati ndiwatalikire, ndi munthu wamkulu, ndingawaphe. Lero asanduka mnyamata?"

Ababa analavulira mapini m'dzanja. "Mwananga, khala chete. Mkamwini sathamangitsidwa m'nyumba. Tatsala pang'ono, ndingoyeza mikono ndi thalauza."

Ndinatsegula chitseko ndi windo, mphepo n'kuulutsa mapepala a muyezo. Alamu anatseka windo ndi dzanja lawo, akuti akuzizidwa. Anakhala m'menemo mpaka tiyi, chifukwa ababa sakanalola mkamwini kuchoka osamwa kanthu. Ine ndinakhala panja ndili ndi ukali, ndikumva alamu akutsokomola n'kumafotokoza za mabatani amene ankafuna. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake sindinawagwire dzanja n'kuwakokera kunja. Ndinaopa mwambo. Ndinaopa kuti anthu adzati mkazi wosakwatiwa uja wachita mwano kwa mwamuna wa mng'ono wake.

Patapita masiku asanu ababa anadzuka thupi likutentha. Anati ndi chimfine, ndipo ine ndinafuna kwambiri kuti chikhale chimfine. Ndinawiritsa bulugamu, ndinafinya mandimu. Koma ndinkadikira mamina, osabwera. Ndinkadikira kuyetsemula, osamveka. Kunali chifuwa chouma chija, ndi kutopa koti munthu amene sankagona masana moyo wake wonse ankalephera kukhala tsonga. Tsiku lachitatu anakankha kapu ya tiyi.

"Waiwala shuga," anatero.

Ndinali nditathira masipuni atatu. Ndinawonjeza ena awiri, analawa, n'kunena kuti ndi madzi otentha chabe. Tsiku lomwelo kugombe mayi wina anandiitana n'kundifunsa ngati sindikumva kuti usipa wa pansi pa dengu langa wayamba kuola. Ndinaika mphuno m'dengu momwemo. Mphuno zinali zotseguka bwinobwino, mpweya ukulowa, koma fungo kunalibe. Ine amene ndakhala m'fungo la usipa zaka makumi awiri, woti ndimadziwa nsomba ya dzulo ndili kutali, sindinamve kalikonse. Chimfine chimatseka mphuno, ukamina fungo limabwerako pang'ono. Ichi chinali chinthu china. Ndinasiya dengu pomwepo n'kubwerera kunyumba.

Tsiku lachinayi, limene munthu wa chimfine amadzuka n'kukatenga khasu, ababa anaipiraipira. Pofika lachisanu ndi chimodzi sankatha kumaliza chiganizo. Ankanena mawu awiri, n'kupuma, n'kunenanso awiri. Popita kuchimbudzi ankaima katatu. Ndinatumiza uthenga kwa mng'ono wanga kuti apemphe amuna ake atithandize kupeza galimoto, popeza iwo ankadziwana ndi eni magalimoto onse a ku Metangula. Alamu anali atachira, akuyendayenda. Anabwera okha, n'kuimanso kuseri kwa mpanda womwe uja.

"Musawatengere kuchipatala," anatero. "Kumeneko wotsokomola aliyense akumulemba korona. Akakafera kumeneko, maliro simudzawaona. Apatseni mandimu. Ine ndachira ndi mandimu omwewo."

"Inu mwachira. Iwo akulephera kupuma."

"Ndi ukalamba umenewo, mlamu."

Ndinapita kwa mnansi wathu wa njinga yamoto, ndinamuuza zoona zonse, kuti mwina ndi korona ndipo mwina nanenso ndili naye. Anavala mashikara awiri, n'kunena kuti tiyeni. Tinawakweza ababa pakati, ine kumbuyo, ndinawamangirira kwa woyendetsayo ndi kapulana kuti asagwe. Msewu wonse mutu wawo unkagwera paphewa langa, ndipo ndinkamva mpweya wawo ukulira ngati kachitoliro kong'ambika.

Nthawi imeneyo zoyezera zinali zitafika. Anatilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno tonse awiri, ndipo tisanakhalitse anatiuza kuti tonse tili ndi korona. Ababa anawaika kachipangizo pachala, namwino anayang'ana manambala, anayang'ananso, n'kutuluka mofulumira. Anabwera ndi mnzake, ndipo anandiuza kuti ayenera kupita nawo ku Lichinga tsiku lomwelo, kumene kunali mpweya wa m'mabotolo wokwanira. Ine sindikanaloledwa kuwaperekeza chifukwa nanenso ndinali wodwala.

Akuwakweza mu ambulansi, ababa anandikodola. Ndinayandikira.

"Makina," anatero, n'kupuma. "Uphimbe. Mchenga."

Ndinati ndiphimba. Chitseko chinatsekedwa.

Ndinabwerera ku Chiwanga kukadwala ndekha. Ine matendawa sananditsikire m'mapapo kwambiri, koma sanali chimfine, ndipo aliyense wonena kuti n'chimodzimodzi abwere andifunse. Chimfine sichinandigonetsepo pansi kulephera kufika pamtsuko wa madzi uli pakhomo. Mafupa ankawawa ngati andimenya ndi nkhafi. Chakudya chinali ngati ndikutafuna nsanza. Kutentha thupi kunkachoka m'mawa, ndikati ndachira, masana n'kubweranso. Mnansi uja ndi mkazi wake ankandiikira phala pampanda. Mng'ono wanga ankabwera mozemba, n'kuima pawindo, akulira.

Ku Lichinga ababa anakhalako masiku anayi. M'mawa wa tsiku lachisanu foni inalira ndikuyesa kusesa pabwalo. Anali a kuchipatala. Anayankhula mwaulemu, anandifunsa ngati pali wina pafupi, kenako anandiuza. Ndinakhala pansi, tsache lili m'manja.

Bokosi linabwera lokhomera. Sitinawasambitse, sitinawaveke, sitinaone nkhope. Munthu amene anaveka mudzi wonse, akwati ndi ana a sukulu ndi akwaya, anapita atakulungidwa m'pulasitiki. Sindinatsutse lamulolo, ndinkadziwa chifukwa chake, koma linandipweteka. Kumanda analola anthu ochepa. Ine ndinaima patali ndi onse, pansi pa mtengo, mashikara ali kumaso, chifukwa masiku anga okhala pandekha anali asanakwane.

Ansembe atamaliza pemphero, alamu anapempha kuyankhulapo m'malo mwa banja, poti ndiwo anali mwamuna wamkulu amene anatsala. Anayamika anthu, anatchula ubwino wa apongozi awo. Kenako anati:

"Abale, tisanamizane. Bambo athuwa anali okalamba. Chimfine cha mwera chimatenga okalamba chaka chilichonse, tonse tikudziwa. Zoti korona, amenewo ndi mapepala a kuchipatala. Tikanawasunga pakhomo, bwenzi lero tikuwaona nkhope."

Anthu ena anagwedeza mitu kuvomereza. Apo m'pamene ndinalephera kudzigwira. Kwathu mkazi sayankhula kumanda, koma ndinayankhula, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa mphamvu zimene ndinali nazo.

"Bodza! Ababa aona mwera zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, chimfine chinkawagwira chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse ankadzuka n'kukhala pamakina. Ichi sichinali chimfine. Ine ndili nacho m'thupi muno, ndikuchidziwa. Ine nditadwala chimfine chenicheni munanditcha amayi a korona, munandiletsa kuona m'bale wanga, munaphimba mabotolo ndikamadutsa. Inu mutabwera ndi korona weniweni munati ndi kachimfine, munakana kuvala kansalu, munatseka windo ndi dzanja lanu. Lero mukuti ndawalakwira powatengera kuchipatala? Nenani zina, alamu, koma izi musanene pamanda pawo!"

Mpweya unandithera, ndinagwira mtengo. Alamu anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ansembe ngati akufuna kuti awathandize. Ansembe anangoyambitsa nyimbo, anthu n'kuyamba kukwirira.

Patapita sabata, azakhali athu, alongo awo a ababa, anabwera kuchokera ku Lunho. Ndinkayesa abwera kudzandipepesa. Anakhala pamkeka, anamwa madzi, n'kundiuza kuti banja lakambirana ndipo laona kuti ndiyenera kupita kukapepesa kwa alamu, chifukwa ndinawachititsa manyazi pagulu.

"Azakhali, iwowo apepesa kwa yani?"

"Imfa ndi ya Mulungu, mwanawe. Palibe amene anaona matendawo akuchoka m'kamwa mwa uyu kulowa mwa uyo."

"N'zoona, sindinawaone. Mwina anawatenga kwina. Koma munthu wodwala atapemphedwa kuti avale kansalu pamaso pa nkhalamba anakana, ndipo zimenezo ndinaziona ndi maso angawa. Sindipita."

Anandiuza kuti ndidzafa ndekha ngati sindisintha mtima. Ndinati ndamva. Anabwerera ku Lunho osatsanzika bwino.

Kuchira kwanga kunatenga nthawi. Miyezi iwiri ndinkapuma kawiri pochoka kugombe kufika kunyumba, mtunda woti kale ndinkauyenda ndi dengu lodzaza ndikuimba. Fungo linabwerera pang'onopang'ono, ndipo poyamba linabwera lopotoka, sopo ankanunkha ngati utsi wa matayala. M'mudzi mwathu munamwaliranso anthu awiri achikulire mwezi womwewo, ndipo mabanja awo anati chinali chimfine. Sanapite kukayezetsa, ndiye palibe angawatsutse.

Ukwati wa mphwawo wa alamu utayandikira, mng'ono wanga anabwera m'mawa wina ndikutembenuza usipa pathandala. Anaima pambali panga n'kuyamba kundithandiza. Tinatembenuza mpaka kumapeto. Kenako anati amuna ake amutuma kudzatenga nsalu ya suti ija, akaipereke kwa telala wina ku Metangula.

Ndinapita kunyumba, ndinaitenga mmene ababa anaisiyira, yodulidwa kale, mizere ya choko ikuoneka, mapini ali momwemo. Ndinamupatsa. Anaigwira, n'kukhala pansi pamchenga.

"Achemwali," anatero, "pali chimene sindinakuuzeni."

Ndinakhala pansi pambali pake.

"Atabwerako ku Lichinga kuja, tsiku lachiwiri, ndinapsereza nyemba. Zinapserera zedi, nyumba yonse fungo. Iwo anadya mbale yonse osanena kanthu. Nditapepesa anandifunsa kuti ndikupepesa chiyani. Kenako ananunkhiza botolo la petulo, n'kunena kuti sakumva kanthu. Anandiuza kuti anzawo awiri amene ankagona nawo nyumba imodzi ku Lichinga anawapeza ndi korona. Anandiletsa kuuza munthu, akuti baraka ingathawidwe ngati mmene anathawira usipa wanu."

"Zimenezo zinachitika asanabwere kudzayezetsa suti?"

"Dzulo lake."

"Ndipo iwe unkadziwa kuti akubwera kwa ababa?"

"Ndinawauza kuti adikire sabata imodzi. Anati ukwati sudikira." Analira. "Ndikanathamanga kudzakuuzani, achemwali. Ndinaopa."

Ndinkafuna kumumenya. Ndinkafunanso kumukumbatira, chifukwa amene anamwalirawo anali bambo akenso, ndipo iye ankagona ndi kudzuka ndi chinthu chimenechi m'nyumba ya munthu yemweyo. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinamuuza kuti anyamule nsaluyo apite, dzuwa lisanakule.

Suti inasokedwa ku Metangula, ndipo alamu anaivala paukwati. Ine sindinapiteko, koma ndinamva kuti anavina kwambiri. Katemera atafika kwathu ndinapita tsiku loyamba, ndipo pamzere ndinawapeza alamu ali patsogolo panga, mkono wa malaya atapinda kale, chifukwa kunamveka mphekesera yoti oyenda maulendo azidzafunsidwa khadi la katemera. Ananditembenukira n'kundipatsa moni ngati palibe chinachitikapo.

"Mwadzuka bwanji, mlamu? Mwachita bwino kubwera. Matendawa si ochita nawo masewera."

Ndinawayang'ana mpaka anatembenuka okha.

Mng'ono wanga amabwera kwathu masiku ano, ndipo ana ake amadya pakhomo panga. Zimene anandiuza pamchenga zija sindinauze azakhali kapena wina aliyense wa m'banja, chifukwa amene angavutike nazo ndi iyeyo, osati amuna ake. Alamu tikakumana panjira ndimawayankha moni, poti moni sakanizana. M'nyumba mwawo sindinalowemo kuyambira chaka chimenecho, ndipo pa Khirisimasi yapitayi atatuma mwana wawo wamkazi kudzandiitana kuti tikadyere limodzi mbuzi, ndinamuuza kuti akawathokoze, ine ndadya kale.